Nkhalamba Ziwiri pa Msewu wa ku Alps

Njinga yamoto ikapitirira zaka 50, anthu amayamba kuiona ngati ya pachionetsero. Amaipukuta Loweruka, kuiyendetsa pang'ono Lamlungu kukamwera khofi kutsidya kwa tauni, kenako n'kuifunditsa nsalu mpaka dzuwa lidzawalenso. Ku Germany njinga zoterezi zilipo zambiri, ndipo eni ake sitingawanene. Koma alipo ena, ochepa ndithu, amene amati chinthu chopangidwira msewu chizikalambira pamsewu. Amenewa amamangirira hema ndi mapoto kumbuyo n'kuloza kumene kuli mapiri. Ulendo uno ndinayenda ndi mmodzi wa anthu otere, kuchokera ku Berlin kutsikira kummwera mpaka ku phiri la Großglockner m'dziko la Austria, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kupita kokha.

Njinga yanga ndi BMW R 75/5 ya mu 1971, yakuda, ya mizere yoyera pathanki. Mtundu umenewu unayamba kutuluka mu 1969, chaka chimene kampaniyo inasamutsira ntchito yopanga njinga ku Spandau, kumadzulo kwa Berlin. Injini yake ndi ya 745 cc, ya masilinda awiri otulukira panja, ina kumanzere ina kumanja, kutsogolo kwa mapazi a woyendetsa. Tcheni ilibe, tayala lakumbuyo limazungulitsidwa ndi shafiti yobisika m'chitsulo. Magiya ndi anayi, mabuleki ndi a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo ngakhale ili ndi sitata yamagetsi, kiki anaisiya pomwepo kuti batire ikafooka mwendo ugwire ntchito. Ndinaigula kwa mayi wina wamasiye, amene anandipatsanso kabuku ka malemu amuna awo. M'menemo bamboyo ankalemba tsiku lililonse limene wasintha oilo, matayala kapena mapulagi, pamodzi ndi makilomita amene njingayo inali itayenda.

Mnzanga wapaulendo ndi bambo wachikulire wa ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kungodumpha malire a ku Dedza ndi Ntcheu. Chichewa chawo n'cha kumudzi kwenikweni. Titakumana koyamba pa sitolo ya zipangizo za njinga n'kumva kumene ndimachokera, anangoti, "Ndiye kuti ndiwe mphwanga basi," ine n'kuyamba kuwaitana malume. Anabwera ku East Germany m'zaka za m'ma 1980, pa mgwirizano umene dzikolo linasainirana ndi Mozambique mu 1979 wotumiza achinyamata kukagwira ntchito m'mafakitale. Khoma la Berlin litagwa mu 1989, anzawo ochuluka anabwezedwa kwawo, ambiri atalongedza mafiriji, mawailesi ndi njinga za MZ. Gawo la malipiro awo limene linkadulidwa mwezi ndi mwezi, ati akalilandire akafika kwawo, ambiri sanalione, ndipo n'chifukwa chake anthu otchedwa Madgermanes akhala akuguba m'misewu ya Maputo kwa zaka zambiri. Malume anatsala chifukwa anali atakwatira. MZ ETZ 250 imene anagula ndi thukuta la ku fakitale ya nsalu inatsala nawo, ndipo ndi yomweyo anakwera paulendowu.

Tisananyamuke tinakangana za zosintha. Aliyense wokhala ndi njinga yakale amafika pa mphambano imeneyi: aisiye momwe inatulukira m'fakitale, kapena aikonze kuti igwirizane ndi misewu ya lero? Lamulo la ku Germany nalo limalankhulapo. Njinga iliyonse imakayesedwa pakatha zaka ziwiri, ndipo chosintha chachikulu, monga mabuleki a mtundu wina, chimafunika chilolezo cha oyesawo n'kulembedwa m'mapepala. Kuyambira mu 1997, galimoto kapena njinga yokwana zaka 30 ikhoza kupatsidwa nambala yothera ndi chilembo H, chizindikiro choti ndi chuma cha mbiri yakale, koma pokhapokha ngati ikuonekabe monga inalili m'nthawi yake. Masiku ano achinyamata ambiri akugula ma BMW akalewa n'kuwadula chakumbuyo, kuchotsa madigadi, kuikapo kampando kopyapyala, njinga n'kumakongola pachithunzi. Malume akaona zotere amangopukusa mutu. "Ameneyo afika nayo kuti? Mvula ikagwa, matope onse kumsana."

Lamulo lawo ndi limodzi: chimene sungathe kuchikonza wekha pambali pa msewu, usachiike panjinga. Ine ndinkafuna kuchotsa mapointi n'kuika kabokosi kamagetsi kamene kamayatsa mapulagi kosafuna kusamalidwa. Iwo anati kabokosiko n'kabwino ndithu mpaka tsiku limene kadzafe, ndipo tsiku limenelo ulendo wathera pomwepo, pamene mapointi akapsa umangowapala ndi kafayilo n'kumapita. Mapointi anakhala. Zimene ndinasintha ndi zothandiza katundu ndi thupi: zikwama ziwiri zolimba za Krauser, zimene okwera ma BMW akhala akumangirira m'mbali kuyambira m'ma 1970, mashoko atsopano akumbuyo, ndi kagalasi kotchinga mphepo. M'kati mwa injini, malemu aja anali ataikitsa kale zitsulo zolimba pamene pamakhala mavalavu, chifukwa injini za nthawi imeneyo zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, amene ku Germany anasiya kugulitsidwa mu 1996. Malume pa MZ yawo anangowonjezera chomangirapo katundu ndi chikopa cha nkhosa pampando.

Tinatuluka mu Berlin m'bandakucha wa tsiku lina la mu Julaye, msewu waukulu wa autobahn titaupewa dala. MZ ya malume, ya mphamvu ya 21 hp, imasangalala pa makilomita 90 kapena 100 pa ola, pomwe pa autobahn pali malo amene liwiro lilibe malire ndipo magalimoto amakudutsa ngati waima. Tinatenga msewu wa B101 wodzera ku Luckenwalde, Jüterbog, Herzberg ndi Elsterwerda. Dera la Brandenburg ndi lathyathyathya, la dothi lamchenga ndi nkhalango za paini, ndipo misewu yake yambiri ili ndi mitengo yondandalika mbali zonse ziwiri. Ine ndinali pambuyo, kumapuma kautsi kabuluu ka m'ekizozi ya malume.

Utsiwo uli ndi chifukwa chake. Injini ya MZ ndi ya two-stroke: ilibe mavalavu, ndipo oilo wofewetsa pisitoni amalowa limodzi ndi petulo n'kupsera momwemo. Choncho pomwetsera mafuta paliponse malume ankatulutsa kabotolo ka mizere, kuyeza mamililita 200 a oilo pa malita 10 alionse a petulo, kuthira m'thanki, n'kuigwedeza njingayo uku ndi uku kuti zisakanikirane. Anyamata a pa njinga zatsopano ankaonerera, ena mpaka kujambula pafoni.

Titawoloka mtsinje wa Elbe pa Meißen, tauni yotchuka ndi mbale ndi makapu kuyambira mu 1710, dziko linayamba zitunda. Kupitirira Freiberg tinalowa m'mapiri a Erzgebirge, kumene anthu anakumba siliva kwa zaka mazanamazana, ndipo madzulo tinatsikira m'chigwa cha Zschopau.

Zschopau ndi katauni ka misewu yopapatiza, yokwera ndi kutsika, pafupi ndi Chemnitz, mzinda umene malume akaiwala amautchabe Karl-Marx-Stadt. Ukakaona sungakhulupirire kuti pofika mu 1928 fakitale ya m'chigwa chimenechi, DKW, inkapanga njinga zamoto zambiri kuposa ina iliyonse padziko lapansi. Anaiyambitsa ndi Jørgen Skafte Rasmussen wa ku Denmark, ndipo njinga zinayamba kutuluka mu 1922. M'nyumba yachifumu yakale ya Schloss Wildeck, pakati pa tauni, muli chionetsero cha njinga zimenezi. Malume anandikokera pa kanjinga kamodzi konyozeka, RT 125, kamene kanatuluka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ikuyamba kumene. Nkhondo itatha, maiko opambana anatenga mapulani ake ngati gawo la chipukutamisozi. Ku Britain kanasanduka BSA Bantam, ku America Harley-Davidson inapanga kake, ku Soviet Union nakonso chimodzimodzi. Ngakhale Yamaha ya ku Japan, poyamba kupanga njinga mu 1955, YA-1 yake inatengera komweko.

Fakitale ya ku Zschopau inatsala m'manja mwa boma la East Germany, ndipo mu 1956 inatenga dzina la MZ. Kuno ndi kumene katswiri Walter Kaaden anakhwimitsa luso la ekizozi yotupa pakati, imene imabweza mu silinda mafuta amene akanathawa osapsa, mphamvu ya injini n'kuchuluka. Ndi ndalama zochepa, njinga zake zampikisano zinayamba kusowetsa mtendere makampani akuluakulu. Mu 1961 wokwera wake wodalirika, Ernst Degner, atapita kukapikisana ku Sweden sanabwererenso. Anathawa ndi nzeruzo n'kukalowa ku Suzuki, kumene chaka chotsatira anapambana mpikisano wa dziko lonse wa njinga za 50 cc. Malume amaikamba nkhaniyi ndi mkwiyo ngati inachitika dzulo, chonsecho pa nthawiyo anali asanabadwe n'komwe.

Lero m'fakitale yakaleyo simutulukanso njinga. Koma titangoimika zathu pabwalo la msika, madoda a imvi anayamba kubwera mmodzimmodzi, onse kulunjika pa MZ, BMW yanga osaicheukira. Wina anagwira mapaipi a labala amene amakuta tcheni, n'kunena kuti tcheni yobisidwa choncho imakhalitsa chifukwa mchenga sulowa. Wina anati pa unyamata wake galimoto ya Trabant munthu ankaidikira zaka zoposa 10, motero MZ ndiyo inali galimoto ya banja: kuntchito, kutchuthi ku nyanja ya Baltic, ngakhale kokafunsira mbeta. Usiku malume anandikumbutsa za chaka cha 1991, pamene magulu a chiwawa anaukira nyumba za antchito a ku Mozambique ndi Vietnam ku Hoyerswerda. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenda mtima uli m'mwamba m'chigawo chino. "Koma ukaima ndi njinga iyi, mphwanga, munthu amayamba wafunsa za njinga. Akamafika pofunsa za iwe, ndiye kuti khofi mwamwera kale limodzi."

Tinagona m'mahema m'mbali mwa mtsinje. Nsima tinaphika pa kachitofu ka petulo, ufa wogula m'sitolo ya zakudya za ku Africa ku Berlin, petuloyo wotapa m'thanki yanga poti wa malume ngwosakaniza ndi oilo. Ndiwo zinali soseji ndi kabichi. Kutacha, injini itazizira usiku wonse, inali nthawi yoyeza mavalavu, ntchito imene sichitika injini ili yotentha. Pa BMW ya mtunduwu sipafunika kuchotsa thanki kapena kugona pansi, poti mitu ya masilinda ili panja. Umaimika njinga pa sitandi yapakati, n'kukhala pachitsa. Umamasula nati yapakati ndi tinati tiwiri tobisika kuseri, chivundikiro n'kuchoka, kaoilo pang'ono n'kudonthera pa nyuzipepala. Ukatero umachotsa mapulagi, kulowetsa giya yomaliza, n'kumazungulitsa tayala lakumbuyo ndi dzanja uku ukusuzumira pa kabowo ka kumanzere kwa injini mpaka zilembo OT zitaonekera. Kenako umalowetsa kachitsulo kopyapyala koyezera mpata: mamilimita 0.15 pa valavu yolowetsa mpweya, 0.20 pa yotulutsa utsi. Kachitsuloko kayenera kudutsa kakukhula pang'ono, osati kothina, osatinso kongolowa phwee. Malume anagwira dzanja langa n'kukoka nane limodzi. "Wamva? Pamenepo. Buku likuuza nambala, koma chodziwa ndi chala." Mpata ukachepa valavu sitsekeka bwino ndipo imapsa, n'chifukwa chake kaphokoso ka tiki-tiki m'injini yotereyi si matenda ayi, ikangoti zii ndiye uziopa. Ndinalemba tsikulo ndi makilomita ake m'kabuku kaja, kutsatira mizere ya malemu.

Kuchoka apo tinalowera chakumadzulo kudzera ku Plauen mpaka kamudzi ka Mödlareuth. Kamtsinje ka Tannbach, koti mwana akhoza kukadumpha, kamadula mudziwu pakati: tsidya lino chigawo cha Thüringen, tsidya ilo cha Bayern. Germany atagawidwa pawiri, malire anatsata kamtsinjeko, ndipo mu 1966 anamangapo khoma la konkire la mamita 700 m'litali, kulekanitsa anthu a mudzi umodzi. Asilikali a ku America ankautcha mudziwu Little Berlin. Chigawo cha khomalo chilipobe, pamodzi ndi nsanja ya alonda ndi mpanda wa waya. Tinaimika njinga zathu moyandikana, ina yopangidwa ku West Berlin, inzake ku East Germany. Malume anaseka n'kunena kuti MZ inali ndi ufulu woposa eni ake. Njingazi zinkagulitsidwa ku West Germany kudzera m'buku la malonda la Neckermann, zinkafikanso ku Britain, pomwe amene ankazipanga sankaloledwa kuwoloka kamtsinje aka. Anaponda kiki, n'kuwoloka.

Ku Bayern zinthu zinatembenuka. Tsopano madoda ankaunjikana pa BMW, MZ n'kumaiseka kuti ikununkha. Ku Nürnberg sitinachedwe, ngakhale kuti ndi kwawo kwa makampani a njinga a Zündapp, Victoria ndi Hercules. Zündapp inagwa mu 1984, makina ake n'kugulidwa kupita ku Tianjin ku China, koma njinga yake yobiriwira yokoka ngolo yapambali, KS 601, inasiya mwambo. Msonkhano wa Elefantentreffen, umene unayamba mu 1956 ndi eni njinga zimenezi, ukuchitikabe: pakati pa nyengo yachisanu anthu amakwera njinga kukagona m'mahema pa chipale chofewa m'nkhalango za ku Bayern.

Kupitirira Ingolstadt, m'dera la Hallertau kumene amalima mbewu yowawitsa mowa yoyanga pa mawaya ataliatali, msomali unalowa tayala langa lakumbuyo mvula ikuyamba. Mlimi wina anatitsegulira shedi yake. Poti palibe tcheni yolimbana nayo, tayala linatuluka msanga, ndipo tinaika chubu china n'kupopa ndi makina a mlimiyo. Titamaliza anatitengera kukona n'kuvundukula lona. Pansi pake panali NSU Max ya malemu bambo ake, yochokera ku fakitale ya ku Neckarsulm imene mu 1955 inali patsogolo pa onse opanga njinga padziko lapansi. Inali yathunthu, yosagundidwa, koma itaima kuyambira tsiku limene mwini wake analeka kuikwera. Malume anaponda kiki pang'onopang'ono, koma sinasunthe. Pisitoni inali itagwirana ndi silinda, m'thanki muli dzimbiri, matayala atang'aluka. Mlimi anafunsa ngati ingadzukenso. Malume anati ingadzuke, koma idya ndalama ndi miyezi yambiri kuposa zimene ikanadya ikanamayenda. Tili panjira anandiuza kuti, "Waona? Nayonso ija ndi ya ku Germany. Dzina siliyendetsa njinga."

Mawu amenewa ndinalowa nawo m'nyumba ya chionetsero ya BMW ku München, yotsegulidwa mu 1973 pafupi ndi nsanja ya likulu la kampaniyo. Mmenemo muli R 32 ya mu 1923, njinga yoyamba ya BMW, yokonzedwa ndi Max Friz. Kampaniyi inkapanga injini za ndege, koma pangano la ku Versailles la mu 1919 litaletsa ntchito imeneyo ku Germany, inafuna pena popezera chakudya. R 32 inali ya 494 cc ndi mphamvu ya 8.5 hp yokha, koma ukaiyang'ana umaona kale masilinda awiri otulukira kumphepo ndi shafiti yopita ku tayala lakumbuyo, monga ilili yanga imene inatuluka patapita zaka 48. Kapangidwe kosasinthasintha kameneka ndi kamene kanakopa oyenda maulendo ataliatali. Elspeth Beard wa ku Britain anazungulira dziko lapansi pa R 60/6 kuyambira 1982 mpaka 1984, akukonza yekha njinga yake m'njira. R 80 G/S itatuluka mu 1980, Hubert Auriol anapambana mpikisano wa Paris–Dakar pa BMW mu 1981 ndi 1983.

Komabe chimene chimasunga njingazi pamsewu si ulemerero wa m'nyumba ya chionetsero. Pafupifupi kachipangizo kalikonse ka R 75/5 kapena ETZ 250 ukhoza kukaitanitsa lero n'kukalandira sabata yomweyo. Mabuku okonzera alipo, oyesa amakudikira zaka ziwiri zilizonse, ndipo mwini njinga ali ndi nyengo yonse yachisanu yoimasula osataya ndalama ya tsiku. Amakaniko a pansi pa mtengo ku Mchesi kapena ku Ndirande, amene amadzutsa njinga za kabaza ndi sipanala ziwiri ndi pulayala, luso la m'zala ali nalo lomwelo la malume. Chimene chimawasowa ndi zipangizo zenizeni ndi nthawi, chifukwa njinga ya kabaza ikagona tsiku limodzi pakhomo pagona njala.

Kuchoka ku München tinadzera ku Inzell, n'kulowa mu Austria cha ku Lofer, kupitirira Saalfelden ndi Zell am See mpaka ku Bruck, kumene msewu wa Großglockner Hochalpenstraße umayambira. Unamangidwa kuyambira mu 1930, nthawi ya ulova waukulu, motsogozedwa ndi injiniya Franz Wallack, n'kutsegulidwa mu Ogasiti 1935. Ndi wa makilomita 48, uli ndi makona 36 okhota mobwerera, ndipo umayendeka kuyambira cha mu Meyi mpaka chakumapeto kwa Okutobala; miyezi inayo umakhala pansi pa chipale chofewa. Pa geti la ku Ferleiten umalipira, ndipo kuyambira pamenepo chitunda sichipumira.

Pamwamba mpweya ndi wopepuka, ndipo injini ya kabureta imazindikira msanga kuposa mapapo a munthu. Petulo akulowa wofanana ndi wa kuchigwa, koma mpweya wowotchera wachepa, choncho moto umafooka ndipo mapulagi amada. BMW yanga inangolemera pang'ono, koma MZ inafika pa giya yachiwiri, malume atawerama pathanki, kulira kwake kukumveka phiri lonse. Pa kona ina inayamba kutsokomola. Tinaima pambali. Malume anamasula pulagi ndi nsanza m'manja poti inali yotentha, n'kundionetsa nsonga yake yakuda bii ndi mwaye. Anatulutsa ina m'thumba la jekete, kuimanga, yakudayo n'kuipukuta ndi kaburashi kawaya kuti idikire nthawi yake. Njinga zatsopano za makompyuta zinkatidutsa ndi liwiro, okwera ake akutikwezera dzanja. Ife tinanyamukanso pang'onopang'ono. Mitengo inatha, kunatsala udzu waufupi ndi miyala, ndipo m'makwawa munali chipale chofewa ngakhale unali mwezi wa Julaye. Manja akazizira, wa BMW amangowatsitsa pa masilinda pamene waima n'kuotha.

Kamsewu kopapatiza koyalidwa miyala kanatifikitsa pa Edelweißspitze, mamita 2,571, malo okwera kwambiri amene njinga ingafike pa msewuwu. Mbali zonse kunali nsonga zoyera. Titabwerera mumsewu waukulu tinalowa mphanga ya Hochtor pa mamita 2,504, malire a zigawo za Salzburg ndi Kärnten, kenako n'kupatukira ku Kaiser-Franz-Josefs-Höhe. Pamenepo Großglockner, phiri lalitali kuposa onse mu Austria, la mamita 3,798, limaima maso ndi maso ndi iwe, ndipo pansi pake pali Pasterze, mtsinje wa madzi oundana. M'njira yotsikira kumeneko muli zikwangwani zosonyeza pamene madzi oundanawo ankafika m'zaka zosiyanasiyana, ndipo chilichonse chili kutali ndi pamene akulekezera lero.

Kukwera kunayesa injini, koma kutsika kunayesa ife. Mabuleki a dilamu akatentha amafooka, ndipo munthu wotsika phiri lotere atawagwira osalekeza amapeza kuti pa kona yachikhumi chogwirira chafika pachiwongolero njinga ikupitabe. Choncho ine ndinalowetsa giya yachiwiri n'kusiya injini kuti indigwire, mabuleki ndikungowakhudza mwamphamvu kanthawi kochepa kona isanafike. Malume njira imeneyo sakanaitsata. Two-stroke sigwira njinga potsika, ndiponso ukatseka mafuta nthawi yaitali injini ikuzungulira kwambiri, oilo naye salowa, pisitoni ikhoza kugwira. Ndiye ndinkawaona kutsogoloko akukoka kilatchi pafupipafupi, kuipatsa moto pang'ono kuti imwe oilo, kautsi kabuluu n'kutuluka, kenako n'kubwerera pa mabuleki. Phiri limodzi, makona omwewo, koma aliyense ankatsika monga ikufunira njinga yake. Nzeru zimenezi sizibwera ndi makiyi pa tsiku logula. Zimabwera ndi zaka zoimvetsera njingayo, ndipo ndi zomwezo zimene zimachititsa kuti chitsulo cha zaka 50 chidalirike pamalo pamene kulakwitsa kulibe kubwereza.

Tinafika ku Heiligenblut, mudzi wa tchalitchi cha nsanja yosongoka, mabuleki akununkha. Pa malo ogona alendo a mahema malume anazungulira njinga zonse ziwiri monga amachitira madzulo alionse: kugwedeza matayala, kugogoda masipoko ndi sipanala kuti amve lomasuka, kusuzumira pansi ngati pali kadontho. Anandiuza zoti ndilembe m'kabuku: nsapato za buleki yakutsogolo zisinthidwe nyengo yachisanu isanathe, chingwe cha kilatchi chayamba kuthetheka pamwamba, chubu chobooka chija chimatidwe chikhale chapadera. Atatero anatulutsa botolo la oilo wawo, kuliyang'anitsitsa pa kuwala, n'kuyamba kuwerengera pa zala. Kenako anatambasula mapu pa mpando wa MZ n'kuika chala pa Lienz, n'kuchitsetsereza kummwera.

"Oiloyu akwana kukafika ku Italy ndi kubwerako," anatero. "Matayala ako ali bwino. Ndiye tikubwereranji?"

Ndinawakumbutsa kuti Lolemba ndikufunika kuntchito.

"Aimbire foni, mphwanga. Uwauze kuti nkhalamba zakana kutembenuka."